MADZI A M'TAUNI AMATHERA MU MTSUKO WA KUMUDZI

Pa ntchito yanga yoyendera zitsime ndi zimbudzi m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, anthu amandifunsa kuti: "Nanga zonyansa za m'tauni zikutikhudza bwanji ife akumudzi?" Yankho langa ndi lakuti madzi saiwala khwawa. Chimene chatayidwa kumtunda chimakapezeka kumunsi.

Taganizirani tauni ya Lumbadzi, kumalire a Dowa ndi Lilongwe, imene inakula bwalo la ndege la Kamuzu litatsegulidwa mu 1983. Kumeneko kuli maiwe oyeretsera madzi a m'zimbudzi, monganso ku Kauma mu mzinda wa Lilongwe. Madzi a madera amenewa amatsikira mu mtsinje wa Lilongwe, umene umathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amakathera m'nyanja ku Salima. Njira yonseyi anthu amatunga, kusamba, kuchapa ndi kuthirira madimba.

Kodi maiwewa amagwira ntchito bwanji? Dziwe loyamba ndi lakuya, ndipo zolemera zimadikha pansi n'kumawola. Lachiwiri ndi losaya kwambiri. M'menemo ndere zimapatsa madzi mpweya wabwino, ndipo tizilombo tothandiza timadya zonyansa zotsala. M'maiwe otsiriza dzuwa limapha tizilombo ta matenda, pamene mazira a njoka za m'mimba amamira pansi. Zonsezi zimafuna masabata angapo, osati tsiku limodzi. Njirayi ndi yoyenera dziko lathu chifukwa dzuwa tili nalo lambiri ndipo sifuna makina odula.

Koma dziwe lili ngati munda: likapanda kusamalidwa limabweza. Matope akadzaza, madzi amangodutsa asanayere. Nsanza ndi mapulasitiki zikatseka mipope, zonyansa zimasefukira m'dambo, makamaka nthawi ya dzinja. Udzu ukamera m'mphepete, udzudzu umaswana. Pamenepo mayi wa kumunsi, amene sanaonepo dziwelo, ndiye amathamangira kuchipatala ndi mwana wotsegula m'mimba.

Kolera inalowa m'Malawi mu 1973. Mliri umene unayamba mu 2022 unagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Tisamayese nthano za kutali.

Maganizo anga ndi awa. Ku Mponela, ku Madisi, pa Boma la Dowa ndi la Ntchisi mabanja ambiri amadalira zimbudzi zokumba ndi matanki a pansi. Matauniwa akukula, ndipo ali kumtunda kwa mitsinje yothira mu Bua ndi ina yolunjika kunyanja. Tauni iliyonse yotere iyenera kukhala ndi malo oyeretsera zonyansa zopopedwa m'matanki, ndipo ndalama zosamalira malowo ziikidwe padera chaka ndi chaka. Ena amati n'zodula. Zoona, koma msasa wa kolera ndi maliro n'zodula koposa. Lamulo la za madzi la 2013 limaletsa kutayira zonyansa mu mtsinje popanda chilolezo. Mafumu ndi makomiti a zaumoyo ali ndi ufulu wofunsa ngati likutsatidwa.

Nanga inu muchitepo chiyani? Musadalire maso, pakuti madzi oyera mbee angathe kukhala ndi matenda. Tungani pa mjigo kapena pa chitsime chotetezedwa. Madzi a mu mtsinje muziwiritsa kapena kuthiramo klorini, ndi kuwasunga mu mtsuko wovundikira. Kumbani chimbudzi kumunsi kwa chitsime, pa mtunda wosachepera mamita 30. Tsukani ndi kuphika bwino ndiwo za kudimba. Mukaona mtsinje ukununkha, wasintha mtundu, kapena nsomba zikufa, uzani mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo. Wotsegula m'mimba mumwetseni Thanzi ORS pa ulendo wonse wa kuchipatala.

Akumtunda ndi akumunsi tonse timamwa mtsinje umodzi. Tiyeni tiusamale.