Mwana Akacita Mphwayi ndi Sukulu, Musathamangire Cikoti

Holide ya mwezi wa April ili pafupi kutha, ndipo m'manyumba ambiri a ku Chimwemwe, Wusakile, Chifubu ndi Lubuto mwayamba kumveka mau amodzimodzi. Mwana amene anatseka temu yoyamba ali wacangu, lero safuna ngakhale kuyang'ana cikwama ca mabuku. Adzuka dzuwa lili pamutu, nsima angoitola pang'ono, ndipo ukamukumbutsa za sukulu akuyankha kuti, "Ndalema." Makolo ambiri aweruza msanga kuti ndi ulesi, ndipo mankhwala a ulesi amene tinakula nao ndi cikoti. Ine monga clinical officer ndikamba kuti kuweruza kotere n'kofulumira. Mphwayi ndi cizindikiro, monga mmene kutentha thupi kulili cizindikiro, ndipo munthu wanzeru ayamba wafunsa cimene cacititsa.

Tiyambe ndi tulo, pakuti ndipo pagona vuto la ana ambiri. Mwana wa zaka 6 mpaka 12 afunika kugona maola 9 mpaka 12, ndipo wa zaka 13 mpaka 18 afunika maola 8 mpaka 10. Thupi la munthu lili ndi nthawi yake imene lizolowera. Pa milungu ya holide mwana akhala pa foni kapena pa TV mpaka pakati pa usiku, nadzuka 10 koloko. Thupi lizolowera nthawi yatsopanoyo. Mukamudzutsa 5 koloko tsiku lotsegulira sukulu, kwa iye kukali usiku, ndipo m'kalasi angosinza. Uyu sadwala, ndipo safuna mapilitsi. Pa mlungu wotsiriza wa holide muzimugoneka msanga pang'ono tsiku lililonse, mphindi 20 kapena 30, ndi kumudzutsa msanga mofananamo. Foni igone m'cipinda ca makolo. M'mawa atuluke panja aone dzuwa, athirire dimba kapena asese pabwalo, cifukwa kuwala kwa m'mawa ndiko kubwezera thupi pa nthawi yake.

Koma si onse amene tulo tiwakonza. April ndi mwezi umene mvula itha, ndipo malungo akali ambiri kuno ku Copperbelt. Ana ambiri apita kukaceza kwa agogo kumudzi kapena kumafamu, kumene agona opanda neti. Mwana wamkulu amene anadwalapo malungo kambiri angakhale nao popanda kunjenjemera kwenikweni. Angomva mutu, kuphwanya thupi ndi kusafuna cakudya. Kupima magazi a pa cala kutenga mphindi 20 cabe pa kiliniki, ndipo Coartem amwedwa masiku atatu. N'zacisoni kumenya mwana amene magazi ake ali ndi tizilombo.

Cina ndi kucepa kwa magazi. Magazi ndiwo anyamula mpweya kupita ku ubongo ndi ku minofu, ndipo akacepa munthu alema msanga, amva cizungulire, mtima uthamanga akakwera kamtunda, ndipo zimene awerenga sizikhala m'mutu. Atsikana amene anayamba kusamba ali pangozi kwambiri cifukwa ataya magazi mwezi ndi mwezi. Njoka za m'mimba nazo zimwa magazi, makamaka mwa ana oyenda opanda nsapato pa dothi lonyowa. Anyamata osambira m'madambo ndi m'timitsinje tothira mu Kafue ndi Kafubu atenga likodzo, ndipo ambiri abisa kuti akodza magazi cifukwa ca manyazi. Tsitsani cikope ca mwana, yang'anani lilime ndi zikhatho. Ngati zayera, pitani naye ku kiliniki. Likodzo licizika ndi praziquantel, njoka ndi mebendazole kapena albendazole. Musataye ndalama pa zakumwa za m'mabotolo zimene akuti zionjezera magazi. Kapenta, nyemba, ciwindi, mazira, bondwe, cibwabwa ndi kalembula zithandiza koposa, ndipo tiyi asamwere pamodzi ndi cakudya cifukwa aletsa thupi kutenga bwino ayironi.

Tsopano tifike pa nkhani imene ambiri sitikonda kuikamba. Mwana angakane sukulu cifukwa kuli cimene aopa kumeneko. Mwina anzake amuvutitsa, mwina anafeluka mayeso a temu yoyamba ndipo lipoti analibisa, mwina nsapato zinang'ambika ndipo aseka naye. Kuyambira mu January 2022 boma linacotsa malipiro m'masukulu ake, koma yunifomu, mabuku ndi ndalama ya basi zikali pa mutu wa kholo, ndipo ana amva zonse zimene tidandaula usiku. Wa Giredi 12 aona abale ake amene anapasa bwino ali pa nyumba opanda nchito, nadzifunsa kuti avutikiranji. Mtsikana amene wasintha mwadzidzidzi, asanza m'mawa ndi kudzitsekera m'cipinda, angakhale ndi pakati. Makolo dziwani kuti kuyambira mu 1997 lamulo la maphunziro lilola mtsikana kubwerera ku sukulu akabereka. Mimba si mapeto a maphunziro, koma kuopa makolo kwapititsa atsikana ambiri kwa anthu ocotsa mimba mobisa, ndipo ena afika ku cipatala mocedwa.

Palinso matenda a maganizo. Bungwe la World Health Organization likamba kuti mwa acinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo. Kusiyana kwa mphwayi wamba ndi matenda n'kosavuta kuona. Mwana wa mphwayi wamba akana mabuku, koma anzake akabwera ndi mpira anyamuka, ndipo nsima adya bwino. Amene adwala maganizo ataya cidwi ndi zonse, ngakhale zimene anali kukonda. Sagona bwino kapena agona kopitirira, aonda, alira yekha, akwiya msanga, adziona wopanda pake. Zikapitirira milungu iwiri, ndi matenda ofuna cithandizo. Akakamba zakuti kuli bwino kufa, musayese nthabwala, musamusiye yekha, bisani mankhwala a makoswe ndi a m'dimba, ndipo pitani naye ku cipatala tsiku lomwelo. Si onse odwala maganizo amene atumizidwa ku Chainama. Kiliniki ya kwanu ingakutumizeni ku Ndola Teaching Hospital kapena ku Kitwe Teaching Hospital, ndipo ana aang'ono aonedwa pa Arthur Davison ku Ndola. Mwana amene acita manyazi kukamba ndi makolo angatume foni kwaulere pa nambala 116 ya Childline.

Ena adzati ife tinakula ndi cikoti ndipo tinaphunzira. N'zoona kuti mwana afunika mwambo, ndipo sindikamba kuti tizimunyengerera. Koma tikumbukire mmene makomboni a migodi analili. Pa nthawi ya ZCCM kunali mabwalo a mpira, maholo ndi makalabu kumene mwana anali kutayira nthawi ya holide. Migodi itagulitsidwa, monga wa Nkana mu 2000, zambiri mwa izi zinafota. Lero mwana atsala yekha pa nyumba, amai ali ku msika wa Chisokone kapena wa Masala, atate ali ku shifiti. Amene amusamala ndi foni, kubecha, ndi anzake a pa kona. Tujilijili tinaletsedwa mu 2012, koma kacasu ndi camba zikali kupezeka, ndipo camba cidziwika bwino pa kupha cangu ca wacinyamata. Cikoti sicingacotse cimodzi mwa izi. Cingophunzitsa mwana kubisa.

Conco pempho langa kwa makolo anzanga ndi ili. Mlungu wotsiriza wa holide ukhale wokonzekera. Bwezerani nthawi yogona. Mwana atsegule buku kwa theka la ola patsiku, ayambire phunziro limene akonda, pakuti cilakolako ca nchito cibwera munthu akayamba kuigwira. Acape yekha yunifomu ndi kulongedza cikwama. Khalani naye pansi pa nthawi imene simunakwiye, mufunse cimene cimulemetsa, ndipo mumusiye atsirize kukamba. Ngati amasuka kwa azakhali, amalume kapena agogo, atumeni iwo. Aphunzitsi nao ayang'anitsitse ana amene asinza kapena kujomba m'milungu iwiri yoyamba ya temu, ndipo aitane makolo asanapereke cilango.

Ana ambiri adzabwerera mwakale sukulu ikangotsegulidwa ndi kuonana ndi anzao. Koma ngati papita milungu iwiri mwana akali wofooka, musadikire mayeso a kumapeto kwa caka kuti akuuzeni zimene kiliniki ikanakuuzani mu May. Akulu anati kuongola mtengo mpoyamba.