Tsobola wakale amene akuwawabe

Amati tsobola wakale sawawa, koma ine ndikamva kulira kwa Benz yakale ya mphuno yaifupi ikukwera chitunda itasenza matumba a chimanga, mwambiwu ndimaukayikira. Sabata ino tiyeni tikambe za injini imene imakoka malole ambiri a mtunduwu, yotchedwa OM 352.

Kampani ya Mercedes-Benz ya ku Germany idatulutsa injiniyi mu 1964. Ndi ya dizilo, ya masilinda 6 ondondozana, kukula kwake malita 5.7. Mphamvu zake n'zochepa poyerekeza ndi malole a lero, pafupifupi mahosipawa 130 ikakhala yopanda tebo. Adaiika m'malole, m'mabasi, m'galimoto zolimba za Unimog, m'majenereta ngakhalenso m'maboti. Ku South Africa, fakitale ya Atlantis Diesel Engines pafupi ndi Cape Town inkapanga injini yomweyi pa dzina la ADE 352, ndipo malole ena ogula ku Joni amabwera nayo. Cha m'ma 1984 kudabwera mng'ono wake, OM 366, koma mkuluyo mpaka lero sadapume.

N'chifukwa chiyani anthu akuikakamirabe? Chitsulo chake n'cholimba, inde, ndipo injini yosathamanga kwambiri simadzidya msanga. Koma kwa ine chachikulu n'chakuti ikadwala, mankhwala ake ali m'manja mwa makaniko wamba. Mafuta amakankhidwa ndi pampu yoyendetsedwa ndi magiya, popanda kompyuta yoilamula. Ikangolira, sidaliranso magetsi kuti izizungulira. Ikameza mpweya dizilo atatha, dalaivala amamasula kabawuti ndi sipanala, n'kupopa kapampu ka pamanja mpaka thovu litatha, ulendo n'kupitirira. Ikatopa, amaiphwasula, kusintha maringi ndi mabering'i, n'kuibwezera pamsewu.

Yerekezani ndi lole yamakono. Ikuyenda bwino, imamwa mafuta pang'ono, ili ndi mphamvu, ndipo dalaivala satuluka ali wogontha. Koma kasensa kamodzi kakafa, kapena dizilo akakhala ndi madzi, lole imatha kugona pathengo kudikira munthu wa laputopu kuchokera m'tauni. Kachipangizoko mwina n'koitanitsa kunja, ndipo tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira. Tomato wa alimi amene ali pamwambayo sadikira zonsezo.

Sindikuti tizigwadira zakale. Injiniyi ikasowa chisamaliro imafuka utsi wakuda umene ana oyenda m'mbali mwa msewu amapuma. Malamulo a utsi amene maiko a ku Ulaya adayamba kukhwimitsa cha m'ma 1992 ali ndi chifukwa chomveka. Eni malole akale asabisale kumbuyo kwa mbiri ya injini: akonzetse manozo ndi pampu, asinthe oilo ndi masefa nthawi yake, aleke kugula masipeya achinyengo. Komanso injini yolimba si mabuleki olimba. Lole ya zaka 40 yotsika phiri itadzaza imafuna kuunikidwa kuposa yatsopano.

Pempho langa likupita kwa amene akusonkha ndalama zogulira lole, makamaka magulu a alimi. Musanafunse liwiro ndi kuwala kwa penti, funsani kuti ikafa usiku kutali ndi tauni adzaikonza ndani, nanga masipeya ake ali m'sitolo iti. Nazo sukulu zophunzitsa umakaniko ziphunzitse achinyamata zonse ziwiri, sipanala ndi kompyuta, chifukwa akuluakulu odziwa kutchera pampu pongomvera kulira kwa injini akutha mmodzimmodzi, ndipo ambiri akupita osasiyira aliyense lusolo.