Za Mphepo Yosasula Madenga

Abale athu a m'midzi ya Mchinji, mvula yoyamba ya Novembala ndi Disembala imadza ndi mkuntho, ndipo madenga ambiri amasasuka, makamaka pa misika yonga Kamwendo ndi Mkanda pamene nyumba za malata zathithikana. Ambiri a ife timayesa kuti mphepo imakankha denga. Iai, imalinyamula.

Tidziwa bwanji? Akatswiri a maiko akutali amayesa mphepo m'mphanga yaitali yomanga ndi manja, yokhala ndi cokupizira cacikulu kumapeto kwace. M'caka ca 1958 Martin Jensen wa ku Denmark anaonetsa kuti kuyesako sikunena zoona ngati pansi pa mphangayo pali posalala, pakuti dziko lenileni liri ndi mitengo ndi nyumba zimene zimacedwetsa mphepo ndi kuibvundula. Potsata nzeru yomweyo, Alan Davenport anamanga mphanga yotere ku London wa m'dziko la Canada m'caka ca 1965. M'menemo amaimika tinyumba tating'ono, nathiramo utsi kuti njira ya mphepo ioneke.

Zimene anapeza ndi izi. Pafupi ndi nthaka mphepo imayenda pang'ono, koma mozungulirazungulira, kumwamba imathamanga. Ikapanikizika pakati pa nyumba ziwiri imaonjeza liwiro. Ikaomba khoma imalumpha, ndipo polumphapo imakokera denga kumwamba, makamaka m'mphepete ndi m'ngodya. Citseko ca kumene icokera cikakhala cotsegula, imalowa nikankhanso denga kucokera m'kati. Liwiro lace likawirikiza kawiri, mphamvu yace imakula kanai.

Cifukwa cace, abambo, musakhulupirire miyala ndi njerwa zosanjika pa malata. Mangani mitanda ya denga ndi waya wolimba wolowa pansi ndithu m'khoma. Culukitsani misomali m'mphepete ndi m'ngodya. Malata asaturukire patali kunja kwa khoma, ndipo denga la khonde likhale lapadera. Denga lotsetsereka mbali zinai limapirira koposa la mbali ziwiri. Amai, mitambo ikada, tsekani zitseko ndi mazenera.

Tisamalizenso mitengo. Mzere wa mitengo umacinjiriza malo otalika ngati kakhumi msinkhu wace. Koma tiibzale potalikirako, kuti nthambi ingagwere nyumba. Waya ndi misomali ziri ndi mtengo wocepa. Denga likapita, cimanga conyowa ndi ana ogona pamvula ndiwo mtengo wace. Tikonze mvula isanagwe.