Masese ndi kachasu si pachibale



Nanenso ndiponyepo mawu pa nkhani ya mowa imene abusa, ansembe ndi mafumu akhala akuidandaula pa maliro ndi pa misonkhano kuno kwa Dzoole ndi madera ena a Dowa ndi Ntchisi. Dandaulo lawo ndi loona. Anyamata akutha, ena akutupa masaya ndi mapazi asanakwane zaka 30, ndipo minda yawo yasanduka tchire. Koma pali chimodzi chimene ndikuona kuti tikusokoneza. Tikamati "mowa" tikumaika m'dengu limodzi zinthu ziwiri zosiyana kutalitali. China ndi masese amene amayi athu ankafulula ndi chimera. China ndi kachasu pamodzi ndi timabotolo ta mowa waukali togula m'maokala. Ine ndikuti ziwirizi si pachibale, ndipo pozimenya ndi ndodo imodzi tapha chofatsa n'kusiya cholusa.

Ndiloleni ndiyambire kutali kuti zapafupi zioneke bwino. M'dziko la Belgium, m'tauni ya Roeselare, muli nyumba yofululira mowa yotchedwa Rodenbach imene inayamba mu 1821. Mowa wake ndi wofiira ndiponso wowawasa, ndipo kuwawasako ndi kwadala. Akauphika amauthira m'migolo ikuluikulu ya matabwa a oak, mtengo uja Baibulo lathu limautcha thundu. Migoloyo ilipo pafupifupi 300, yaitali kuposa munthu, ndipo ina yaposa zaka 100 ikugwirabe ntchito. Mowa umagona m'menemo mpaka zaka ziwiri. Ukakhwima amasakaniza wakale ndi watsopano. Mtundu umene amautcha Grand Cru umakhala ndi magawo awiri a wakale ndi gawo limodzi la watsopano, ndipo ukali wake ndi magawo 6 pa 100 alionse.

Mowa umenewu ndinaulawa chaka chatha. Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Sitandade 8, amene anapita kukawonjezera maphunziro m'dzikolo, anandibweretsera botolo limodzi laling'ono. Tinagawana anthu atatu, aliyense theka la tambula, ndipo anatichenjeza kuti tisagugude ngati madzi. Maonekedwe ake anali ofiira modera ngati madzi ophikira chidede. Fungo linali la zipatso zopsa kwambiri, kumbuyo kwake kukumveka ka viniga pang'ono. Utangofika pa lilime unawawasa ngati bwemba mpaka masaya kukokana, kenaka kuwawasako kunatsika n'kubwera kutsekemera kwa shuga wopserera pang'ono, ndipo pomaliza panatsala kukoma kouma kwa mtengo kumene kunakhalitsa kukhosi. Theka la tambula linatitengera nthawi yonse yocheza, ndipo palibe anadzandira popita kwawo. Mkulu wina amene tinali naye, wa zaka zoposa 80, atapsontha kachiwiri anati, "Aphunzitsi, azunguwa atibera masese a mawere, angowasefa bwino basi."

Mkuluyo sananame. Chimene chimabweretsa ukali mu mowa ndi yisiti, imene imadya kutsekemera kwa chimera. Koma chimene chimawawasitsa ndi tizilombo tina tosaoneka ndi maso, tamtundu womwe uja timasandutsa mkaka kukhala chambiko. Ku Roeselare tizilomboti timakhala m'matabwa a migolo ija, ndipo matabwawo amalola kampweya pang'ono kulowa, n'chifukwa chake pamamveka ka viniga kaja. Kuno kwathu tizilombo tomweto timabwera ndi chimera ndipo timakhala m'mbiya yadothi. Amayi athu sanalowe m'kalasi ya sayansi, koma ankadziwa kuti mbiya yakale imapsetsa mowa bwino kuposa yatsopano, ndipo mbiya ya mowa sankaphikiramo china.

Achinyamata ambiri sadziwa ntchito imene inalipo, choncho ndiifotokoze. Mayi ankaviika mawere, mapira kapena chimanga m'madzi, n'kuziyala pamthunzi atafunditsa masamba mpaka zitamera. Akatero ankaziyanika padzuwa n'kuzisinja, ndipo chimenecho ndicho chimera. Tsiku lofulula ankaphika phala lambiri, likazizirako n'kuthiramo chimera, phala lolimba lija n'kusungunuka n'kuyamba kutsekemera. Pamenepo ndiye pa thobwa, ndipo ana ndi osamwa mowa ankapatsidwa gawo lawo. Lotsala ankalisiya ligone mpaka liwawase. Kenaka ankaliwiritsanso nthawi yaitali, n'kuliziziritsa, n'kuthiranso chimera china. Apa mowa unkayamba kuwira wokha popanda moto, mbiya n'kumalira usiku wonse, ndipo ukapsa ankausefa. Kuchokera tsiku lophika phala kufika tsiku lomwa pankapita pafupifupi sabata, osawerengera masiku a chimera. Akathira mawere kapena mapira ofiira mowa unkatuluka wofiirira ndi wafungo lomveka kuseri kwa nyumba. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mayi wopupuluma sankatchuka ndi mowa.

Kamwedwe kakenso kanali ndi mwambo. Mwini mowa ankayamba kulawa pamaso pa onse kusonyeza kuti mulibe choipa. Chipanda chinkayambira kwa akuluakulu n'kumazungulira, munthu kumwa pang'ono n'kupatsira mnzake. Akuluwo anali ndi lilime lodziwa kuweruza. Ankatha kunena kuti uwu sunapse, uwu wachuluka madzi, uwu wapitirira wasasa, koma uwu ndiye wagwira. Mayi amene mowa wake unkagwira ankadziwika midzi ingapo. Mowa unkafululidwa pa chifukwa: pa dima polimitsa munda, pa bona pokumbukira malemu, pa chinamwali ndi polonga ufumu. Mnyamata wosakwatira sankakhala pabwalo la akulu n'kumalanda chipanda. Komanso masese ndi mowa wokhutitsa, wokhala ngati phala, ndipo ukali wake nthawi zambiri supitirira magawo 5 pa 100. Mimba imadzaza mutu usanasokonekere kwenikweni.

Tsono yerekezani ndi kachasu. Iye safululidwa chabe, amatchezedwa. Amatenga zowira kale n'kuziphika mu mgolo wotseka kuti nthunzi idutse mu paipi, ndipo chotuluka kumapeto ndi ukali wokhawokha wopanda chakudya chilichonse. Mowa wa m'timabotolo nawo umafika magawo 40 pa 100. Palibe amaununkhiza kapena kuusunga pa lilime kuti amve kukoma. Amaumeza atatsinzina, cholinga chili chimodzi, kuledzera msanga ndi ndalama yochepa. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma mowa womwewo unangosintha chovala n'kubwerera m'timabotolo tapulasitiki. Mu 2017 dziko lathu linakhazikitsa ndondomeko yoyendetsera nkhani za mowa, komabe mu 2024 tinamva kuti anthu afa ku Blantyre atamwa mowa umene eni ake omwe ankautcha Ambuye Nditengeni. Dzina lokhalo likukwanira kutiuza kuti womwayo sakufuna kukoma.

Kodi zinatheka bwanji kuti chofatsa chithe, cholusa chichuluke? Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed atafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Kongwe mu 1894 analetsa Akhristu awo kufulula ndi kumwa mowa, ndipo Sinodi ya Nkhoma ikusungabe lamulo limeneli. Pambuyo pake fakitale ya Carlsberg itatsegulidwa ku Blantyre mu 1968, botolo linasanduka chizindikiro cha munthu wophunzira, chipanda n'kukhala cha munthu wotsalira. Choncho masese ananyozedwa mbali ziwiri, kutchalitchi ngati tchimo ndipo kutauni ngati umbuli. Amayi aulemu wawo, amene anali akatswiri, anasiya kufulula ndipo sanaphunzitse ana awo. Minda ya mawere inalandidwa ndi fodya, soya ndi chimanga cha makono. Koma ludzu la anthu silinathe. Linangosamukira kwa wotcheza kachasu kudambo ndi kwa wogulitsa timabotolo. Ngakhale masese amene atsala m'malo ena si aja akale. Pofuna ndalama yamsanga ena akuthira shuga ndi yisiti ya m'sitolo mu mgolo wapulasitiki, lero madzulo mawa m'mawa wapsa. Zoterozo zimalasa mutu koma kukoma mulibe.

Ndikudziwa zimene abusa anga andiyankhe, ndipo sindikuzipeputsa. Anena kuti masese nawonso amaledzeretsa, ndipo ndi zoona. Amuna ankamenyana pa mowa kalekale masacheti asanabwere, ndipo mabanja ena anapasuka chifukwa cha chipanda chomwechi. Amishoni aja sanaletse popanda chimene anaona. Anenanso kuti chimanga chothira mu mbiya ndi nsima ya ana. Pamenepanso ndikuvomera, ndipo amene tinaona njala ya 2002 tikudziwa kuti chaka chotero mfumu yoletsa kufulula imachita bwino. Sindikupempha munthu amene analumbira kuti sadzamwa kuti aphwanye lumbiro lake, ndipo sindikuuza mpingo uliwonse kuti usinthe malamulo ake. Wosamwa akuchita bwino, apitirize. Chimene ndikukana ndi kunena kuti zonse n'chimodzimodzi, chifukwa mnyamata akamva kuti chipanda cha agogo ake ndi kabotolo ka pa okala ndi tchimo lofanana, amasankha chotchipa ndi chobisika m'thumba. Baibulo lomwe limachenjeza za kuledzera pa Miyambo 23 ndi pa Aefeso 5 ndi lomwenso likutiuza pa Yohane 2 kuti pa ukwati wa ku Kana panali mkulu wa phwando wodziwa kusiyanitsa vinyo wabwino ndi wamba. Ku Belgium komweko amonke a Katolika a ku Chimay akhala akufulula mowa kuyambira 1862, ndipo phindu lake limathandiza nyumba yawo ndi ntchito zachifundo.

Mu 2016 bungwe la UNESCO linalemba mwambo wa mowa wa ku Belgium m'kaundula wa chuma cha makolo cha dziko lonse lapansi. Bungwe lomwelo linalemekeza Gule Wamkulu wathu mu 2005 ndi nsima yathu mu 2017. Anzathuwo anasunga migolo ya agogo awo ndipo lero alendo amalipira ndalama kuti akaione. Ife mbiya za agogo athu zili kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira.

Pempho langa lili patatu. Kwa abusa ndi ansembe, polalikira tchulani mdani ndi dzina lake. Nenani za kachasu ndi timabotolo, nenani za wogulitsa mowa kwa ana a sukulu, ndipo musamuyese muyeso umodzi ndi mayi wamasiye amene wafulula mbiya imodzi kuti anthu amulimire munda. Thobwa lokha lisakayikiridwe n'komwe, lipezeke pa zochitika zonse za mpingo m'malo mwa zakumwa za m'mabotolo zimene zikutha ndalama za Akhristu. Kwa mafumu athu, kuyambira Gogo Chalo Dzoole mpaka anyakwawa, ikani malamulo a m'mudzi: mowa usayambe m'mawa anthu asanapite kumunda, mwana asapezeke pamalo a mowa, ndipo wothira zachilendo mu mbiya alipe chindapusa. Kwa alangizi a zaulimi a ku Mponela ndi akatswiri a ku Chitedze ndi ku Bunda, tithandizeni kupeza mbewu ya mawere ndi mapira ofiira, pakuti mbewu zimenezi zimapirira chilala ndipo phala lake ndi chakudya cha ana. Tumizaninso ophunzira anu akhale pansi ndi amayi okalamba amene atsala, alembe kafululidwe konse asanapite nako kumanda.

Akuluakulu anati mawu a akulu akoma akagonera. Mowa wa makolo unalinso chimodzimodzi, unkakoma ukagonera, ndipo womwa ankayenera kudekha monga anadekhera wofulula. Amene ali ndi maganizo osiyana ndi angawa, makamaka abusa, andiyankhe kudzera pa tsamba lomwe lino kuti tiphunzitsane.

Ine wanu wowerenga,

Mphunzitsi Wamkulu Wopuma,
Kwa Dzoole, Dowa.