Mizere ya Pansi pa Garaja

Anzanga a ku migodi, sabata ino ndinena za simenti. Ambiri a inu mumatumiza ndalama ku Mabvuku, Tafara ndi Mufakose kuti akumangireni nyumba ndi garaja. Tsono tcherani khutu.

Konkiriti ikamauma imafupika, ndipo siilephera kung'ambika. Nchifukwa chake mmisiri wodziwa nchito amadula mizere pa mamita 3 aliwonse, kuya kwake gawo limodzi la magawo 4 a kuchindikala kwa konkiritiyo, kuti mng'alu utsate mzerewo.

Ndaona eni nyumba ambiri akulamula kuti mizereyo imatidwe ndi simenti kuti paoneke posalala. Kumeneko ndi kutaya ndalama, pakuti simenti youma siipindika. Imasweka ndi kugamphuka. Kuisiya yoyasama nakonso nkoipa: madzi a mvula ya November amalowa, nyerere zimafukula dothi, pansi nkutitimira.

Lemberani kwanu lero. Adikire masiku 28 kapena kuposa apo, asese mchenga wonse, mzere uume bwino, ndipo pamenepo athiremo phula lofewa la m'masitolo a zomangira. Ndalamayo munaikhetsera thukuta pansi pa nthaka, abale, musaidyetse nyerere.