Seva yosunga ndalama za anthu isamanidwe ECC

Kampani ikagula seva yosungira maakaunti a makasitomala n'kuikamo memory yotchipa yopanda ECC (njira yozindikira ndi kukonza zolakwika mu memory), imakhala ikutchova njuga ndi chuma cha eni ake. Memory imalakwitsa ndithu. Kafukufuku wa mu 2009 pa maseva a Google anapeza kuti chaka chilichonse ma module oposa 8 pa 100 alionse ankakumana ndi zolakwika, zambiri mwa izo chifukwa cha tizipangizo towonongeka. Bit imodzi ikatembenuka, 0 n'kukhala 1, kompyuta yopanda ECC sidandaula. Imangolemba nambala yolakwikayo pa disiki, usiku nayonso n'kulowa mu backup ngati yoona. Module ya ECC ya DDR4 imanyamula ma bit 72 m'malo mwa 64, ndipo 8 owonjezerawo amakonza bit imodzi yolakwika ndi kuchenjeza ziwiri zikalakwika. Ma module ena a maseva amakhalanso ndi chip yotchedwa register, imene imalandira malamulo a purosesa n'kuwagawira ma chip, kuti seva inyamule memory yochuluka popanda kusokonezeka.

Ena amati zimenezi n'zodula komanso zimachedwetsa. Zoona, register imawonjezera kuchedwa kwa kugunda kumodzi kwa wotchi ya memory, koma wogwiritsa ntchito sangazindikire, pomwe nambala yolakwika m'kaundula wa banki imadya masabata a anthu ofufuza gwero lake. Ena amati DDR5 ili kale ndi ECC mkati mwake. Imeneyo imateteza za mkati mwa chip basi, osati deta ikamayenda kupita ku purosesa, choncho wogula afunsitse wogulitsa kuti akupereka iti.