Agogo Tisamawapatse Msuzi Wokha

M'midzi mwathu tikaona mayi wachikulire atapindika msana, kapena atathyoka fupa la m'chiuno chifukwa chongoterereka pakhomo, timangoti ndi ukalamba. Ena amathamangira kuganiza za ufiti. Ine ndikuti gawo lalikulu la vutoli limayambira m'mbale ya ndiwo ndi m'nyumba yamdima, ndipo banja lingathe kulichepetsa.

Mafupa amalimba ndi mchere wa m'thupi wotchedwa kashiamu. Pa magawo 100 a kashiamu yense wa m'thupi, 99 amakhala m'mafupa ndi m'mano. Chakudya chikapanda kubweretsa wokwanira, thupi limakatapa m'mafupa monga momwe titapira chimanga m'nkhokwe. Mayi akasiya kusamba, kawirikawiri pakati pa zaka 45 ndi 55, michere yachikazi imene inkateteza mafupa imachepa, ndipo kutapako kumafulumira. Mafupa amafumbwa m'kati mwakachetechete, osamva kuwawa, kufikira tsiku lothyoka.

Mu 2004, mabungwe a WHO ndi FAO adalangiza kuti mayi wotere azipeza mamiligalamu 1,300 a kashiamu patsiku. Kapu imodzi ya mkaka ili ndi pafupifupi 300 okha, ndipo mkakawo sapezeka m'banja lililonse. Mwayi wathu ndi wakuti usipa ndi matemba timadya ndi minga yomwe, ndipo kashiamu ali m'mingamo. Alinso m'mawere, mpiru, repu, soya ndi nyemba. Koma taonani zimene timachita: nsomba zenizeni zimapita kwa abambo, agogo n'kulandira msuzi poti alibe mano. Sinjani usipa wouma ndi mitu yomwe, muuthire m'ndiwo zawo kapena m'phala la mawere.

Komabe kudya kokha sikukwanira. Matumbo satha kuyamwa kashiamu bwino popanda vitamini D. Vitamini ameneyu khungu limadzipangira lokha likawombedwa ndi dzuwa, ndipo pang'ono amapezeka m'mazira ndi m'nsomba zamafuta. Khungu la munthu wokalamba limapanga wochepa kusiyana ndi la mtsikana. Tsono agogo amene amabindikira m'nyumba tsiku lonse, atadzifunditsa mpaka kumutu, angasowe vitaminiyu ngakhale dzuwa likuswa mtengo panja. Atulutseni aothere dzuwa tsiku lililonse, mikono ndi miyendo ili pamtunda.

Musawaletsenso tintchito topepuka. Kuyenda, kusesa ndi kupalira pang'ono kumalimbitsa mafupa, pamene kugona chigonere kumawafooketsa. Fodya ndi kachasu nazo zimawononga mafupa. Chotsani miyala ndi zitsa panjira ya kuchimbudzi, ndipo usiku muziwaunikira.

Mayi akayamba kufupika msinkhu, kapena msana ukamamuwawa kosalekeza, bwerani naye ku chipatala msanga. Fupa la m'chiuno likathyoka, ambiri sayendanso monga kale. Akuluakulu adati mako ndi mako angachepe mwendo. Madzulo ano pogawa ndiwo, yambani ndi mbale ya agogo.